Nkhuni za Kumanda

Ana anga, za ubwana wanga kwa Apwitikizi ndi za mtengatenga wa pa nkhondo ya Jeremani ndinakusimbirani pakhonde mpaka munatopa nazo. Pano ndilemba za ntchito yanga yoyamba, ndi chifukwa chake inu munakulira kuno ku Chimaliro pamene mkulu wanu Elina anatsala pa esiteti. Mwandifunsa kangapo kuti manda ake ali pati, ine n'kumangokuyankhani za mvula ndi za mbuzi. Lero ndiyankha.

Nkhondo itangotha

Ndinafika pa esiteti ija ndevu zikungoyamba kumera, pamodzi ndi amayi anga, agogo anu, amene anayenda ulendo wonse kuchokera kutsidya kwa malire atasenza mbiya yawo osalola munthu kuwalandira. Dzina la esiteti sindilitchula. Eni ake asintha kangapo, ndipo amene alipo lero sanandilakwire kanthu. Malamulo a pamenepo anali osavuta kumva. Mzungu amakulozera pomanga nyumba ndi polima chinangwa ndi nandolo, iwe n'kumamugwirira thangata. Ukakana ntchito, nyumba ija si yako, munda si wako, ngakhale nthochi zimene unabzala ndi manja ako.

Mzungu woyamba tinkamutchula Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale akutukwana. Anandiyang'ana mapewa monga munthu wogula ng'ombe, n'kunena kuti, "Uyu wa nkhuni." Ntchito ndinaipeza choncho basi. Masiku amenewo esiteti inkalima fodya, ndipo mabani oumitsiramo fodyayo ankadya nkhuni osapuma. Koma mitengo inalipo yosaneneka. Kuchokera pakhomo pa mzungu kukafika kuphiri munthu unkayenda mumthunzi wokhawokha, anyani akukulalatira pamwamba. Palibe amene ankaganiza kuti mitengo ingathe, ndipo inenso sindinkaganiza.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali a Namakhwa, bambo wachikulire wa kwathu komwe, wamfupi, wosakonda kuseka. Anandiphunzitsa kuona kumene mtengo waweramira ndisanaukhudze, kunola nkhwangwa pamwala wa kumtsinje, ndi kusanja mendulo, ndiye kuti mulu wa nkhuni woyezedwa ndi ndodo ya mzungu, popanda kusiya mapanga pakati. Tsiku lina tikuweruka ndinaona nthambi youma ya muwanga itagwa m'mbali mwa kankhalango kena kumunsi kwa mudzi wathu. Ndinawerama kuti ndikawapatse amayi. A Namakhwa anandigogoda dzanja ndi mpini.

"Iwe, kwanu kulibe anthu akufa?"

"Yauma kale, bambo. Yagwa yokha."

"Yagwera eni ake. Umu ndi kumanda. Nkhuni za umu siziyaka pamoto wa munthu, zipatso za umu sizidyedwa. Nkhwangwa imalowa umu pokadula mizu ya m'dzenje basi."

Mwambowo ndinkaudziwa, koma pokhala mlendo sindinadziwe kuti kankhalangoko ndi manda. Dzanja linatupa, ndipo amayi atamva chimene ndinachita anati a Namakhwa anandimenya pang'ono.

Pakati pa zaka za m'ma 1920

Fodya atasiya kupindula, kampani inatembenukira ku tiyi. Tiyi atakula anamanga fakitale ya malata, yokhala ndi injini ya nthunzi yoyendetsa makina opotera masamba, ndi ng'anjo youmitsira. Injini inkafuna moto, ng'anjo inkafunanso moto. Inu amene mumangomwa tiyi simudziwa kuti masamba ake sadikira munthu. Akathyoledwa ayenera kufota, kupotedwa ndi kuumitsidwa motsatana, ndipo moto ukazima pakati amasasa, onse n'kukatayidwa kudzala. Choncho fakitale yonse, ndi ukulu wake wonse, inkadalira anthu osavala nsapato okhala ndi nkhwangwa. Pamenepo Bwana Kaliwo anandiika kukhala kapitawo wa nkhuni, poti ndinali nditaphunzirako kuwerenga kusukulu ya mishoni. Anandipatsa chipewa ndi ndodo yoyezera, ndipo kunena zoona ndinayamba kuyenda ngati msewu ndi wanga. A Namakhwa, amene tsopano anali pansi panga, ankandilonjera kuti, "Mwadzuka bwanji, achipewa?"

Bwana Kaliwo anali waukali koma anali ndi maso. Tsiku lina titaima pamtunda tikuyang'ana zitsa zokhazokha, anachotsa kaliwo pakamwa, chinthu chachilendo, n'kundiuza kuti analembera eni kampani ku Ulaya kuti amulole kubzala bulugamu wambiri wa nkhuni. Iwo anamuyankha kuti malo abwino onse ndi a tiyi, nkhuni zili kuphiri zaulere. Sipanapite nthawi, anadwala malungo aakulu, anamunyamula pamachira, ndipo sanabwererenso.

Zaka zomwezo ndinakwatira amayi anu, ndipo Elina anabadwa. Anali kamwana kolongolola, kokonda kuvala chipewa changa mpaka kuphimba maso n'kumagunda zipupa. Anali atangoyamba kuyankhula bwino pamene chiperoni cha chaka china chinamupatsa chifuwa. Tinayesa kumishoni, tinayesa zitsamba, anatisiya. A Namakhwa ndiwo ankatsogolera adzukulu okumba manda m'mudzi mwathu. Anafunsa amayi anu kuti mwana agone pati, iwo anasankha pansi pa msuku umene unali chakumadzulo kwa manda. Pamtumbira tinaika kambale kake titakaboola pansi, monga mwa mwambo. Chaka chotsatira agogo anu anamutsatira, ndipo tinawaika pansi pa mbawa yaikulu chapakati.

Mumvetse bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ife sitinkaika miyala yolemba kapena simenti. Mtumbira umatitimira mvula ikagwa kangapo, mbale imakwiririka ndi masamba. Chimene chimatsala ndi mtengo. Aliyense m'mudzi muja ankadziwa akufa ake ndi mtengo: uyu mkuyu, uyu muwanga wopindika, ife msuku ndi mbawa. Nyengo ya masuku zipatso zinkagwera pamanda a Elina n'kuwolera pomwepo, ndipo ngakhale ana osamva a m'mudzimo sankatola. Amayi anu popita kumunda ankadzera njira yozungulira kuti angouona msukuwo chapatali.

Chaka chimene phiri linatsekedwa

Uthenga unabwera ndi mesenjala wa kuboma. Anati kuyambira tsopano nkhalango ya kuphiri ndi ya boma, wodulamo mtengo popanda chiphaso amangidwa, kaya ndi wakuda kaya ndi mzungu. Anatinso mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje isadulidwe ngakhale pa esiteti, chifukwa mitsinje inayamba kuphwa m'chilimwe, ndipo esiteti iliyonse ibzale nkhuni zakezake. Anaika mlonda wa nkhalango, a Sitima, munthu wa ku Goliati, wamtali, woyenda ndi kachibonga kukhwapa. Lamulolo sindilinyoza. Ndinkaona ndekha kuti kamtsinje kamene kale tinkawoloka titakwinya nsalu tsopano mwana ankakalumpha. Likanachedwa, phiri lija likanameteka lonse. Koma amene analemba lamulolo sanafunse kuti nkhwangwa yotsekeredwa kuphiri idzalowera kuti. Ng'anjo sinamve za lamulo, inkangofunabe nkhuni.

Mzungu amene analowa m'malo mwa Bwana Kaliwo tinamutcha Bwana Msangamsanga. Chinyanja chake chinali chochepa, ndipo mawu amene anawagwira bwino anali amenewo. Anali wachinyamata, woonda, wamantha ndi eni kampani kuposa mmene ife tinkamuopera iye. Chiphaso cha kuphiri anachipempha, koma boma linamulola mitengo yochepa imene inatha tisanatuluke n'komwe thukuta. Anabzalitsa bulugamu mothamanga, koma bulugamu samva "msanga msanga." Mvula yoyamba itagwa anali adakali woonda ngati mpini wa khasu.

Tinadula chilichonse chimene chinatsala. Tinakumba zitsa zakale za m'minda, ntchito yothyola msana. Tinadula mitengo ya mthunzi ya pabwalo la mudzi. Ngolo za ng'ombe zinkapita kukagula nkhuni kwa anthu akutali, kunyamuka m'mawa kubwera dzuwa litapendeka, zitanyamula timitengo tosakwanira kuwiritsa injini. Kenako akazi a m'mudzi analetsedwa kutola nkhuni paliponse pa esiteti, ndipo ine, mwini chipewa, ndinkapeza amayi anu akuphikira mapesi ndi zitsononkho, maso ali ofiira ndi utsi. Pomaliza, munthu ukaima pakhonde la fakitale n'kuyang'ana kumunsi, unkaona tiyi, zitsa, ndi kankhalango kamodzi kobiriwira bwino. Ndinkaona mzungu akukayang'ana.

Dzinja la chaka chomwecho

Mvula inagwa yambiri ndipo tiyi anaphuka kuposa zaka zonse. Madengu ankabwera osefukira, koma m'shedi ya nkhuni munali mbee. Tsiku lina moto unazima masamba ali pakati, ndipo mulu wonse unatayidwa kuseri kwa fakitale, fungo lake lowawasa n'kumafika mpaka kumudzi. Mawa lake Bwana Msangamsanga anandiitana pakhonde. Analoza kumunsi ndi ndodo.

"Kapitawo, Lolemba udula iyo."

"Bwana, kuja ndi kumanda."

"Ndidziwa. Anthu akufa safuna mthunzi. Ine ndifuna moto."

"Anthu anga sangalowemo, bwana. Ngakhale nthambi yogwa yokha sititola."

"Malo a ndani?"

"A kampani, bwana."

"Mitengo ya ndani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti nayenso sanagone bwino. Kenako anatsitsa mawu. Anati anamva kwa kalaliki kuti ndili ndi mwana mmenemo. Anati ndikatsogolera anthu kudula, mtengo wa mwana wanga ndiusiye, iye sadzaufunsa. Ndikakana, chipewa ndisiye pompo, ndipo nyumba ndi munda ndichokemo mwezi usanathe. Ndikuganiza kuti iye ankaona ngati akundichitira chifundo.

Tsiku lomwelo ndinapita kukafuna a Sitima, mlonda uja. Ndinawapeza m'munsi mwa phiri atabisala mvula pansi pa thanthwe. Ndinawafotokozera zonse, ndili ndi chikhulupiriro kuti boma limene limamanga munthu chifukwa cha mtengo wa anyani silingalekerere mtengo wa anthu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, mandawo ali m'mphepete mwa mtsinje?"

"Iyayi, ali pamtunda."

"Ali m'nkhalango ya boma?"

"Ali pa esiteti."

"Ndiye ine ndilibe mawu. Anandituma kulonda phiri ndi mitsinje. Mtengo wa pamalo a mzungu ndi wa mzungu."

"Nanga akufa athu?"

"Za akufa sanandiuze, achimwene. Pepani ndithu. Inenso ndili ndi anga."

Ndinawapempha kuti akanene kuboma. Anati akanena, ndipo mwina ananenadi, koma Lolemba linali pafupi kuposa boma.

Pobwerera ndinadzera kwa a Namakhwa. Ndinkadziwa chimene anene, munthu amene anandigogoda dzanja chifukwa cha nthambi imodzi. Ndinawapeza akunola nkhwangwa pakhonde. Nditawauza anapitiriza kunola, kenako anayankhula m'Chilomwe, chimene ankachita pokhapokha nkhani ikafika pamtima.

"Dula, mwana wanga."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Ndati dula. Mitengo ija yapita kale, ukane usakane. Ukakana abweretsa alendo. Mlendo sadziwa kumene kwaloza mutu wa munthu. Ife tikalowa tigwetsera kunja, tinyamula pamapewa, ng'ombe sizipondamo. Ndinakumba maenje aja ndi manja angawa, ndikudziwa aliyense pamene wagona."

"Nanga mwambo, bambo? Si inu munandimenya?"

"Ndinakumenya malo adakali ndi mitengo. Ukufuna ndikuuze zokoma?"

Ndinatsanzika n'kuchoka. Akanati ndikane, bwenzi zinthu zili zapafupi.

Amayi anu ndinawapeza akusenda chinangwa, iwe Davide uli kumsana, ndipo chimanga chathu kumunda chinali chitangoyamba ngaiyaye. Ndinawauza zonse, osabisa za msuku. Mpeni unaima.

"Ati ausiya?"

"Atero."

"Msuku wokha? Nanga mbawa ya amayi?"

"Anena mtengo umodzi."

Ndinaona pankhope pawo kuti akuufuna msukuwo ndi mtima wonse. Ndikanati ndinene kuti ndidula, sakanandiletsa tsiku limenelo. Koma m'mawa mwake, ndikusamba kumaso, anaima pambuyo panga.

"Abambo a Elina, ndaganiza. Mukadula ya anzathu n'kusiya wathu, ine ndizikatunga madzi ndi ndani? Anzanga aja ana awo ali momwemo. Azidzaona msuku uli chilili pakati pa zitsa, n'kumati uwo ndi wa akapitawo."

"Amake Elina, tikakana tichoka. Chimanga chija sitidya."

"Ndikudziwa."

"Ndipo adulabe."

"Adule iwowo. Ine sindingalandire chakudya m'manja amene agwetsa mtengo pa amayi anu."

Sanalire, ndipo chimenecho chinandiopsa kuposa misozi.

Lolemba ndinavala chipewa, ndinatenga ndodo yoyezera, ndinapita kufakitale. Anthu anga anali ataima pabwalo ndi nkhwangwa zawo, onse akuyang'ana ine. Ndikanati tiyeni, akanapita, chifukwa aliyense anali ndi nyumba ndi munda woti ataye. Njira yonse ndinali ndisanatsimikize. A Namakhwa ankanena zoona, amayi anu ankanenanso zoona. Chimene chinandigamulira n'chaching'ono. Ndinayesa kuganiza mtengo umene ndiyambire, poti kapitawo ndiye amatema nkhwangwa yoyamba. Ndinayenda nayo m'maganizo mitengo yonse, ndipo uliwonse unali ndi dzina la munthu amene ndinadya naye kapena kumunyamula. Woyambira sunapezeke. Ndinakwera pakhonde, ndinavula chipewa, ndinachiika pansi pamodzi ndi ndodo.

"Bwana, ine sindidula."

Sanakalipe. Anangoti, "Mwezi usanathe," n'kuitana kalaliki. Anthu anga ataona zimenezo anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, ndipo tsiku limenelo palibe amene analowa kumanda. Ndinapita kunyumba ndikumva ngati ndapambana, koma kunali kupambana kwa tsiku limodzi.

Sabata yomweyo

Kuchithando, kumene kunkagona antchito osakhala ndi mabanja, kunali anyamata ongofika kumene kuchokera kwa Apwitikizi, othawa chibalo, nthiti zili pamtunda. Mzungu anawalonjeza phoso loonjezera. Nditamva nkhwangwa zikulira kumunsi ndinathamangirako. Alonda a esiteti anandiletsa kulowa, choncho ndinaima m'mphepete n'kufuula m'chiyankhulo chathu kuti abale anga, mukudziwa chimene mukudula? Mmodzi, wamkuluko pang'ono, anatsitsa nkhwangwa n'kubwera pafupi. Anali ataziona kale mbale zija.

"Tikudziwa, bambo. Sanatiuze, koma taona."

"Ndiye bwanji?"

"Akufa athu tinawasiya kutsidya, sitidziwa ngati ali ndi mthunzi. Ife sitinadye chiyambire dzana. Tikakana atibweza kumene tachoka."

Anali ine ndemwe wa zaka zapitazo, kungoti ine ndinapeza mitengo ilipo.

Zinachitika monga ananenera a Namakhwa. Anyamata aja sankadziwa kugwetsa, mitengo inkagwera paliponse, ndipo mbawa ya agogo anu inagwa chopingasa pamitumbira yambiri. Analowetsa ng'ombe ndi maunyolo kukoka zipika m'matope a dzinja, ndipo pofika Loweruka pamalopo panali ngati pakhola. Msuku sindinauone ukugwa. Unali waung'ono, ndikhulupirira sunawatengere nthawi. Akazi a m'mudzi anakhala pansi m'mbali mwa msewu akulira maliro a anthu amene anawalira kale. A Namakhwa sanatuluke m'nyumba, ndipo nditapita kukawatsanzika sanandidzudzule. Anangoti, "Muyende bwino, achipewa," koma sanandiyang'ane. Utsi wa fakitale sabata imeneyo unali wakuda bii, ndipo palibe wa m'mudzi amene sankadziwa chimene chikuyaka.

Nkhuni zonse zija sizinafike n'kumapeto kwa dzinja komwe. Mvula isanathe, ngolo zinayambanso kupita kutali.

Ife tinasamuka mvula ikugwa, chimanga chili chiwisi m'munda. Tinabwera kuno ku Chimaliro kwa amalume a amayi anu, amene anatipatsa kamalo ka miyala aka. Chaka chimenecho tinadya kalongonda ndi masamba a chinangwa, ndipo iwe Davide unatupa miyendo mpaka tinataya mtima. Ena ankati ndinachita chamuna. Ena, makamaka amene anatsala pa esiteti, ankati ndinasamba m'manja n'kuwasiyira matope, ndipo ndikanamvera a Namakhwa bwenzi mitumbira ilipo. Sindinena kuti ndinalakwa, sindinenanso kuti ndinapambana. Nkhwangwa yoyamba ija ngakhale lero sindingaiteme. Koma mkwiyo ndili nawo, ndipo sunakalambe monga ndakalambira ine.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930

Ndinagwira ntchito ya macheka, kenako ya misewu, zimene ndidzalemba pazokha. Pa esiteti paja sindinapondepo zaka zambiri. Tinkangomva kuti Bwana Msangamsanga anachotsedwa, kuti bulugamu uja anakula mpaka nkhuni kumawolera m'shedi, ndiponso kuti kampani inapeza chilolezo kuboma chopatutsa madzi a mtsinje kuti azizunguza gudumu lopangira magetsi. Injini ya nthunzi ija, imene tinkaiopa ngati mfumu, anaikankhira kuseri n'kumachita dzimbiri. Mtsinjewo unali ndi madzi chifukwa phiri linatetezedwa. Zonse zinayenda monga boma linafunira, kungoti zinachedwa zaka zochepa, ndipo m'zaka zochepazo munagwera ife.

Chilimwe china amayi anu anati akufuna kukaona mwana. Ndinawauza kuti kulibe choona, koma anamanga mpango, ndipo tinanyamuka. Mudzi wathu tinaupeza kulibe, anthu anawasunthira kwina, a Namakhwa anali atamwalira. Kumunsi kuja kunali tiyi, mizere yowongoka bwino kuchokera kumsewu mpaka kukhwawa, wobiriwira mofanana ngati wometedwa ndi lumo. Zitsa anazula, nthaka anasalaza. Pafakitale nyale yamagetsi inali kuyaka masana, wina ataiwala kuzimitsa.

Tinalowa m'mizere, tiyi akutifika m'chiuno. Ine ndinayang'ana phiri, ndinayang'ana khwawa, ndinakumbukira kumene dzuwa linkalowera tikaima pamsuku, ndipo ndinaima pamalo ena.

"Ndi pano, amake Elina."

Iwo anali atapitirira kale kumunsi.

"Iyayi, ndi kuno. Ndinkauona ndikamachokera kumunda."

"Njira ya kumunda inkadzera uko. Mwatsika kwambiri."

"Abambo a Elina, mwana ndinabereka ine."

Sitinakanganepo kwambiri m'banja mwathu, koma tsiku limenelo tinakangana ngati ana, aliyense akuloza pansi, mpaka mawu anatithera. Kenako iwo anagwada pamene anaima, n'kubisika m'tiyi, mpango wokha ukuoneka. Inenso ndinagwada pamene ndinaima. Ndinafukula dothi ndi zala kuti mwina ndipeza kambale kaja, koma ndinapeza mizu ya tiyi yokhayokha. Ndinkawamva akupemphera chapatali, mawu osamveka bwino. Tisanamalize, kapitawo wina wachinyamata, wa chipewa chonga changa chija, anafuula kumsewu kuti madala, mukuthyola tiyi wa kampani, tulukani. Sanali wamwano, sankadziwa basi. Tinatuluka, n'kubwerera kwathu.

Amayi anu anamwalira akukhulupirira kuti malo awo ndiwo anali oona, ndipo ine sindinawatsutsenso. N'chifukwa chake pamanda awo ndinaumirira simenti ndi dzina, inu n'kumadandaula kuti ndikuwononga. Pa ine mudzachite chimodzimodzi, ndipo kamalo ka miyala aka musadzakapereke kwa munthu.

Tsono mwandifunsa kuti Elina ali pati. Mukadzapita, mudzatsike kumunsi kwa fakitale, kumene tiyi amathera kukhwawa. Mkulu wanu ali pansi pa tiyi ameneyo, penapake pakati pa pamene ndinagwada ine ndi pamene anagwada amayi anu. Kuposa apo sindidziwa.